Glibc ikukana kumangidwa, kapena yamangidwa koma ikugwetsa makina: yambani mwaona ma CFLAGS anu

Pa Debian, Ubuntu, Fedora, Arch ndi Gentoo, pafupifupi pulogalamu iliyonse imatsamira glibc, laibulale ya C ya GNU. `ls`, `bash`, `sshd`, ngakhale `systemd` yeniyeniyo, zonse zimadutsa kaye mu `ld-linux-x86-64.so.2` ndi `libc.so.6` zisanagwire ntchito iliyonse. Nchifukwa chake munthu akayamba kumanga yekha laibulaleyi, kaya potsatira Linux From Scratch, kaya pokonza toolchain ya kachipangizo kakang'ono, amakopeka kuti aithire `-O3`, `-march=native` ndi `-flto`, poganiza kuti ikathamanga glibc ndiye kuti makina onse athamanga. Winanso amafuna kulowa mu `malloc` ndi gdb, pulogalamu yofufuzira zolakwika, ndiye amachotseratu optimisation poika `-O0`. Onse awiriwa amagunda khoma, ndipo uthenga umene amalandira nthawi zambiri sulozera kwa ma flag amene anayambitsa vutolo.

Glibc si pulogalamu wamba imene mungaiveke ma flag alionse. Ma flag ambiri imasankha yokha, fayilo ndi fayilo, ndipo gawo limene yakusiyirani ndi laling'ono. Mukapanda kunena kanthu, CFLAGS, imene ndi mndandanda wa ma flag opita kwa compiler ya C, imakhala `-g -O2`, ndipo pamenepo ndi pamene oimanga amaiyesa kwambiri.

Onani zimene compiler ikulandiradi

Musayambe ndi kulingalira. Ma flag ambiri oyambitsa mavuto sanalembedwe pa mzere wa `configure`. Anatsalira mu shell, mu `~/.bashrc`, mu `/etc/makepkg.conf`, mu `/etc/portage/make.conf`, kapena mu script imene imamanga ma package onse ndi ma flag amodzimodzi. Muli m'foda yomangira, lembani izi:

    env | grep -E '^(CC|CFLAGS|CXXFLAGS|CPPFLAGS|LDFLAGS|LD_LIBRARY_PATH)='
    grep -nE '^(CC|CFLAGS|CPPFLAGS)' config.make
    gcc $CFLAGS -dM -E - </dev/null | grep -E 'OPTIMIZE|NO_INLINE|FAST_MATH|FINITE_MATH|FORTIFY|SSP'

Mzere wachitatuwo ndi wofunika kwambiri, chifukwa umaonetsa zimene GCC yamva, osati zimene inu mukuganiza kuti mwanena. Pa `-O2` muyenera kuona `__OPTIMIZE__`. Ikapanda kuoneka, koma `__NO_INLINE__` ilipo, ndiye kuti mukumanga popanda optimisation. Mukaona `__OPTIMIZE_SIZE__`, pena pake pali `-Os`. Kumbukirani kuti ma `-O` akachuluka pa mzere umodzi, womaliza ndiye amapambana: `-O2 -g -O0` ndi `-O0` basi.

Mukamamanga ndi `make -j8`, uthenga weniweni wa vuto umakwiririka pakati pa mizere mazana, ndipo pansi mumangoona `Error 2`. Sungani zonse ndi `make -j8 2>&1 | tee make.log`, kenako `grep -n 'error' make.log | head`. Glibc imalemba mzere wonse wa gcc pa fayilo iliyonse, choncho mzere umene uli pamwamba pa vuto loyamba umakuonetsani ma flag onse m'ndondomeko yake.

Chinanso: `make` siona kuti mwasintha ma flag. Imangoyang'ana nthawi ya mafayilo. Mukasintha CFLAGS n'kupitiriza m'foda yakale, mudzakhala ndi laibulale yosakaniza, theka lomangidwa ndi ma flag akale, theka ndi atsopano, ndipo mavuto a laibulale yotere sangatsatike. Fufutani foda yomangira, muyambirenso `configure`. Popeza glibc imakana kumangidwira m'foda ya source, kufufutako sikukutayitsani kanthu.

Ikakana ponena kuti optimisation palibe

    include/libc-symbols.h: error: #error "glibc cannot be compiled without optimization"

M'mitundu yakale uthengawu umachokera mu `config.h`, koma tanthauzo ndi limodzi. Choyambitsa chofala si `-O0` yolembedwa mwadala. Ndi CFLAGS yonga `-g` yokha, kapena `-pipe -march=haswell`. Munthu amaganiza kuti akuwonjezera pa `-g -O2`, pomwe akuilowa m'malo. Mukangotchula CFLAGS, `-O2` ija yapita, ndipo muyenera kuilemba nokha.

Ena amatsegula fayiloyo n'kufufuta `#error`. Musatero. Lamuloli silinaikidwe mwachipongwe, ndipo chifukwa chake chili mu loader, imene ndi `ld.so`, fayilo ija ya `ld-linux-x86-64.so.2`. Kernel ikamayambitsa pulogalamu, imaika `ld.so` mu memory pa adiresi imene sinadziwike pomanga, n'kuipatsa ulamuliro. Ntchito ya loader ndi kukonza ma adiresi onse a pulogalamuyo ndi ma laibulale ake, koma iyo yomwe ndi laibulale, ndipo ma adiresi ake palibe amene wawakonza. Choncho mu `_dl_start`, m'fayilo ya `elf/rtld.c`, imayamba yadzikonza yokha. Pa nthawi imeneyo matebulo a GOT ndi PLT ali ngati buku la manambala a foni limene mayina alembedwamo kale koma manambala ake sanalembedwe, ndipo woyenera kuwalemba ndi loader yomweyo. Ikaitana function kudzera m'tebuloli isanamalize, imalumphira pa adiresi yopanda kanthu. Code ya gawo limeneli inalembedwa modalira kuti compiler ilowetsa ma function ang'onoang'ono m'malo momwe aitanidwa, ichotsa nthambi zimene sizingafikidwe, ndipo siibisa kuitana `memset` kapena `memcpy` pamene sipayenera. Pa `-O0` GCC sichita zimenezi. Zotsatira zake n'zakuti kumanga kumalephera pa link, kapena kumatha bwinobwino koma pulogalamu iliyonse imafa ndi `Segmentation fault` isanafike n'komwe pa `main`. Mitundu yakale inalinso ndi ma nested function mu loader, amene akapanda kulowetsedwa inline amafuna stack yotha kuyendetsa code, chinthu chimene palibe amachifuna mu libc.

Ngati cholinga chanu ndi gdb, ndipo mwatopa ndi `<optimized out>`, njira zilipo. Yosavuta ndi `CFLAGS="-g3 -Og"` kapena `-g3 -O1`, pamodzi ndi `--disable-werror`. Zonse ziwiri zimatulutsa `__OPTIMIZE__`, choncho zimadutsa pa chipata cha `#error` chija. Koma kawirikawiri simufuna laibulale yonse. Mumafuna fayilo imodzi. Glibc ili ndi njira yopatsira fayilo ma flag akeake, ndipo amabwera pambuyo pa CFLAGS yanu, ndiye amapambana. Mu `malloc/Makefile` wonjezerani:

    CFLAGS-malloc.c += -Og

kenako `touch malloc/malloc.c` m'foda ya source n'kumanganso. Musaike `-O0` pamenepa, chifukwa `libc-symbols.h` imalowetsedwa m'fayilo iliyonse ndipo `#error` ija ibweranso. Mukafunitsitsa `-O0` pa function imodzi, monga `_int_malloc`, ikani `__attribute__ ((optimize ("O0")))` patsogolo pake. Zimatheka chifukwa chipata chimayang'ana fayilo yonse poyamba, osati function iliyonse. Musayese zimenezi pa chilichonse cha mu `elf/rtld.c` kapena chimene chimayenda loader isanadzikonze.

`-O3`, `-Os` ndi machenjezo osanduka mavuto

    error: 'result' may be used uninitialized [-Werror=maybe-uninitialized]
    cc1: all warnings being treated as errors

Kuyambira glibc 2.21 ya 2015, laibulaleyi imamangidwa ndi `-Werror`, kutanthauza kuti chenjezo lililonse limaimitsa ntchito. Anthu amadabwa kuti code yomweyo imadutsa pa `-O2` koma n'kukanidwa pa `-O3` kapena `-O1`. Chifukwa chake n'chakuti machenjezo onga `maybe-uninitialized`, `array-bounds` ndi `stringop-overflow` sachokera powerenga code mmene inalembedwera. Amachokera pa zimene optimiser yatulutsa itatha kulowetsa ma function ndi kufutukula ma loop. Mukasintha mlingo, mwasintha zimene GCC ikuona, ndipo iyamba kukayikira malo ena. Oimanga glibc amatseka machenjezo abodza amodziamodzi ndi ma macro a mu `include/libc-diag.h`, monga `DIAG_IGNORE_NEEDS_COMMENT`, ndipo palinso ina ya `-Os` yokha. Anatseka okhawo amene anawaona pa GCC ndi mlingo umene anayesa. Zomwezi zimachitika mukamanga glibc yakale ndi GCC yatsopano, ngakhale pa `-O2`.

Mankhwala ake ndi `--disable-werror` pa `configure`, osati `-Wno-error` mu CFLAGS, popeza machenjezo a glibc amaikidwa pambuyo pa anu. Komabe kutseka `-Werror` kumangochotsa choimitsa. Werenganibe machenjezowo, ndipo `make check` ikhale yosalumphika.

Funso lofunika ndi lakuti `-O3` ikupatsani chiyani. Pa x86-64, ma function amene amadya nthawi yambiri, `memcpy`, `memset`, `strlen`, `strchr`, `memcmp`, analembedwa pamanja mu assembly, ndipo ali mu `sysdeps/x86_64/multiarch`. Iliyonse ili ndi mitundu ingapo, ya SSE2, ya AVX2, ya EVEX, ndipo pulogalamu ikamayamba njira ya IFUNC imasankha woyenera purosesa imene ilipo. Mukayang'ana mu `perf top` mudzaona mayina onga `__memmove_avx_unaligned_erms` ndi `__strlen_avx2` ngakhale pa glibc yomangidwa ndi `-O2` wamba. Mlingo wa `-O` sukhudza mafayilo amenewa ngakhale pang'ono. Gawo lina lalikulu ndi timizere tochepa tongopereka ntchito kwa kernel. Chotsala chimene `-O3` ingachikhudze ndi zinthu zonga `printf`, regex, `iconv` ndi `malloc`, ndipo pamenepo code imakula, n'kuyamba kupikisana ndi pulogalamu yanu pa malo a mu instruction cache. Ngati mukukhulupirira kuti phindu lilipo, `make bench` ilipo. Mangani kawiri, muyerekeze manambala. Gentoo, imene imalola munthu kusankha ma flag pa chilichonse, pa glibc imachotsa `-O` yanu n'kubwezera `-O2`, pokhapokha mutayatsa `custom-cflags` mwadala. Amenewo ndi anthu amene alandira malipoti ambiri a makina ogwa.

Pali msampha wina wakale umene umabwerabe kwa omanga glibc yakale. GCC ili ndi `-ftree-loop-distribute-patterns`, imene ikaona loop yodzaza memory ndi ziro imaisandutsa kuitana `memset`. Loop imeneyo ikakhala m'kati mwa `memset` yomweyo, function imadziitana yokha mpaka stack itatha. Kale flag iyi inkayatsidwa pa `-O3` pokha, koma kuyambira GCC 10 imayatsidwa ndi pa `-O2`. Glibc imadziteteza ndi chizindikiro cha `inhibit_loop_to_libcall` pa ma function oterowo. Mu gdb vutoli silibisika: `bt` imaonetsa `memset` ikuitana `memset` mizere zikwi. Ngati source yanu ilibe chizindikirocho, wonjezerani `-fno-tree-loop-distribute-patterns` mu CFLAGS.

`-Os` imakopa omanga za zipangizo zing'onozing'ono. Imamangika, koma imazimitsa ma inline a m'ma header, popeza `features.h` siyatsa `__USE_EXTERN_INLINES` ikaona `__OPTIMIZE_SIZE__`. Ndiye malo amene amayembekezeka kukhala inline amasanduka kuitana function ndi dzina lake lapoyera, ndipo mayeso a `elf/check-localplt` ndi a `linknamespace` mu `conform` ndiwo amayamba kudandaula. Musawanyoze: akunena kuti pulogalamu imene ili ndi function yakeyake ya dzina lomwelo ikhoza kulanda kuitana kwa m'kati mwa libc. Ngati malo ndiwo akukuvutani kwambiri, musl kapena uClibc-ng, ma laibulale ena a C, zinapangidwira zimenezo, ndipo zikupulumutsirani malo ambiri kuposa `-Os`.

`-Ofast` ndi abale ake

`-Ofast` imabwera ndi `-ffast-math`, ndipo glibc imaikana poyera ndi uthenga wakuti `glibc must not be compiled with -ffast-math`. Apa palibe chovuta: ichotseni. Choopsa ndi zidutswa zake zikaikidwa pazokha. `-ffinite-math-only` kapena `-funsafe-math-optimizations` sizitulutsa `__FAST_MATH__`, ndiye zimadutsa mosaonedwa. Yoyambayo imauza GCC kuti NaN ndi infinity kulibe, ndipo GCC imafufuta code yonse yoziyang'ana. Laibulale imene ntchito yake ndi kuyankha molondola pa `log(0)`, `sqrt(-1)` ndi kusindikiza `nan` mu `printf` siingamangidwe ndi lonjezo lotero. Kumanga kudzatha popanda chenjezo, koma mayeso a m'foda ya `math` adzagwa ambirimbiri. Mukaona `__FINITE_MATH_ONLY__ 1` pa mzere wa `-dM -E` uja, mwapeza choyambitsa. Ikakhala 0, `-ffinite-math-only` palibe, koma yang'ananibe ngati pali `-funsafe-math-optimizations`.

`Illegal instruction`, kapena makina okana kuyaka

Ili ndilo vuto lopweteka kwambiri, chifukwa silioneka pa makina amene munamangirapo. `-march=native` imauza GCC kuti igwiritse ntchito chilichonse chimene purosesa ya makina omangirawo imatha. Mukafuna kudziwa chimene yasankha:

    gcc -march=native -Q --help=target | grep -E 'march=|mavx2|mbmi2'

Pa purosesa ya Haswell ya 2013 kapena yatsopano kuposa apo, GCC imwaza malangizo a AVX2 ndi BMI2 paliponse mu code ya C, kuphatikizapo mu loader. Laibulaleyo ikapita pa seva ina, mu container yoyendetsedwa kwina, mu makina a QEMU, kapena pa laputopu ya Celeron kapena Atom imene ilibe AVX ngakhale ili yatsopano, pulogalamu yoyamba imafa ndi SIGILL. Ngati pulogalamuyo ndi init, imene kernel imayamba kuiyendetsa makina akamayaka, kernel imaima:

    Kernel panic - not syncing: Attempted to kill init! exitcode=0x00000004

Nambala ya kumapetoyo imanena zambiri. 4 ndi SIGILL, kutanthauza langizo limene purosesa siilidziwa. `0x0000000b` ndi SIGSEGV, imene imalozera kwa loader yogwa isanadzikonze kapena stack protector yoikidwa molakwika. `0x00007f00` ndi exit code 127, kutanthauza kuti loader inakana yokha mwaulemu, ndipo uthenga wake uli mizere ingapo pamwamba.

Kuyambira glibc 2.33 ya 2021, kukana mwaulemuku kunayamba kuoneka kawirikawiri, popeza laibulale imadindidwa mlingo wa purosesa umene ikufuna. Milingo ilipo inayi: x86-64 yoyambira, v2 imene imafuna SSE4.2, SSSE3 ndi POPCNT. V3 imene imafuna AVX2, BMI2 ndi FMA. Ndi v4 ya AVX-512. Uthenga umakhala `CPU ISA level is lower than required` kapena `Fatal glibc error: CPU does not support x86-64-v2`. Wachiwiriwu amakumana nawo ngakhale amene sanamange kanthu, chifukwa RHEL 9 ndi ma distro ochokera kwa iyo anamangidwira v2. Mukaiyatsa mu QEMU ndi purosesa yongoyerekeza ya `qemu64` kapena `kvm64`, imene siionetsa SSE4.2, imakana ngakhale purosesa yeniyeni ili yamphamvu. Pamenepo laibulale ilibe mlandu. Patsani QEMU `-cpu host`, kapena `host-passthrough` mu libvirt.

Kuti muyerekeze mbali ziwirizi, pa laibulale yomangidwa lembani `readelf -n libc.so.6 | grep ISA`, muone mzere wa `x86 ISA needed`. Pa makina amene ikupita lembani `/lib64/ld-linux-x86-64.so.2 --help`, muone milingo imene yalembedwa kuti `supported`. Ngati pulogalamu yafa ndi SIGILL, itseguleni mu gdb n'kulemba `x/i $pc`. Mukaona langizo loyamba ndi `v`, monga `vpxor` kapena `vmovdqu`, ndi AVX. Mukaona `shlx`, `sarx` kapena `mulx`, ndi BMI2. Yang'ananinso dzina la function. Likakhala lothera ndi `_avx2`, ndiye kuti IFUNC ndiyo yasankha molakwika, mwina chifukwa hypervisor ikunama za purosesa, ndipo `GLIBC_TUNABLES=glibc.cpu.hwcaps=-AVX2` ikhoza kukutsimikizirani. Likakhala function wamba ya C, compiler ndiyo inaika langizolo, ndipo palibe tunable imene ingathandize. Muyenera kumanganso.

Sankhani mlingo wa makina otsikitsitsa amene laibulaleyo idzayendepo, n'kuulemba ndi dzina: `-march=x86-64-v2`, imene GCC imaidziwa kuyambira mtundu wa 11. Ngati simukudziwa kumene idzathere, siyani `-march` yonse. Simutaya zambiri, popeza IFUNC idzasankhabe AVX2 pamene ilipo. `-mtune` ilibe vuto lotere. Imangosintha kasanjidwe ka malangizo popanda kubweretsa atsopano.

Zoyenera kupita mu CC, osati mu CFLAGS

Fayilo ya `INSTALL` imasiyanitsa bwino: flag iliyonse yosankha ABI (monga 32-bit kapena 64-bit) kapena purosesa ipite mu CC, pomwe za optimisation ndi debugging zipite mu CFLAGS. Chifukwa chake n'chakuti mafayilo a assembly, othera ndi `.S`, salandira CFLAGS yanu yonse. Amangotolapo zonga `-g`. Mukaika `-m32` mu CFLAGS, mafayilo a C adzakhala a 32-bit, a assembly a 64-bit, ndipo linker idzakana ponena kuti architecture ya fayilo ina siigwirizana ndi ya chotuluka. Njira yake ndi iyi:

    ../glibc-2.39/configure --prefix=/usr --host=i686-linux-gnu \
        CC="gcc -m32" CXX="g++ -m32" CFLAGS="-g -O2"

Chimodzimodzi ndi `-march`, `-mabi`, `-mfloat-abi` ndi `-mfpu` pa ARM. Palinso kena kamene kamasokoneza ofuna ma frame pointer kuti `perf` iziona bwino: m'mitundu yambiri `Makeconfig` imasefa flag iliyonse yothera ndi `frame-pointer` kuchoka mu CFLAGS. Lembani `grep -n frame-pointer Makeconfig` m'foda ya source. Ngati kusefako kulipo, `-fno-omit-frame-pointer` yanu siifika kwa gcc mpaka mutaiika mu CC.

Ma flag a chitetezo ndi LTO

Stack protector, chitetezo chozindikira ngati stack yaonongedwa, imasunga nambala yake yachinsinsi mu TLS, memory yakeyake ya thread iliyonse, pa `%fs:0x28` pa x86-64. Koma TLS imakonzedwa ndi glibc yomweyo, ndiye function iliyonse yoyenda TLS isanakonzedwe ikaveka chitetezochi imagwa powerenga nambala imene kulibe. Glibc imadziwa mafayilo oyenera kusiyidwa, inu simuwadziwa onse. Kuyambira 2.25 ya 2017 pali `--enable-stack-protector=strong`, ndipo ndiyo njira yokhayo yoyenera. Mukaika `-fstack-protector-strong` mu CFLAGS popanda iyo, yang'anani mzere wa gcc mu `make.log`: mudzapeza `-fno-stack-protector` pambuyo pake, kutanthauza kuti chitetezo chimene mukuganiza kuti muli nacho palibe. M'mitundu yakale kuposa 2.25 zimathera pa `undefined reference` ya `__stack_chk_fail` polumikiza loader.

`-D_FORTIFY_SOURCE` ndi nkhani yofanana. Glibc ndiyo mwini wa ma function onga `__memcpy_chk`, ndipo kwa zaka zambiri sinkamangidwa nayo. Kuyambira 2.38 ya 2023 pali `--enable-fortify-source`; pa mitundu yakale ichotseni mu CPPFLAGS ndi CFLAGS. M'malo mwa `-Wl,-z,now` mu LDFLAGS gwiritsani ntchito `--enable-bind-now`. `-fPIC` ndi `-fPIE` zisiyeni, glibc imaziika yokha pamene zikufunika. `-fsanitize=address` siingatheke, popeza sanitizer imadalira libc imene mukumangayo.

`-flto`, imene imayatsa LTO (optimisation yochitika pa link), ichotseni popanda kukambirana. Glibc imapereka ma version kwa ma symbol ake kudzera mu malangizo a `.symver` olembedwa mu assembly m'kati mwa mafayilo a C, komanso imapanga ma header ena powerenga assembly imene gcc yatulutsa. LTO imachedwetsa kutulutsa assembly mpaka pa link ndipo imasuntha ma function kuchoka m'mafayilo awo, ndiye zonse ziwirizi zimasweka. Arch, Gentoo ndi Fedora zimamanga ma package ambiri ndi LTO kapena kuilola, koma pa glibc zonse zimaizimitsa.

Poyambira pabwino, pa mtundu wa 2.38 kapena watsopano kuposa apo, ndi apa:

    unset CFLAGS CXXFLAGS CPPFLAGS LDFLAGS LD_LIBRARY_PATH
    mkdir build && cd build
    ../glibc-2.39/configure --prefix=/usr CFLAGS="-g -O2" \
        --enable-stack-protector=strong --enable-bind-now --enable-fortify-source

Ikamangika n'kudutsa mayeso, bwezerani ma flag anu imodzi imodzi, foda yatsopano ulendo uliwonse. Zimadya nthawi, koma mukabwezera atatu pakamodzi simudziwa amene wagwetsa.

Yesani musanaike, ndipo konzekerani kubweza

`make check` ikatha, `grep ^FAIL tests.sum` ikupatsani mayeso ogwa. Lililonse lili ndi fayilo yake ya `.out` m'foda yomangira, ndipo mukhoza kubwereza limodzi ndi `make test t=malloc/tst-malloc`. Mayeso ochepa amagwa chifukwa cha kernel, container kapena kuchedwa kwa makina, choncho mndandanda wokha sunena zambiri. Uyerekezeni ndi wa `-g -O2` pa makina omwewo. Osiyanawo ndiwo a ma flag anu.

Kuti muyendetse pulogalamu yeniyeni ndi laibulale yatsopano popanda kukhudza makina, gwiritsani ntchito `./testrun.sh /bin/ls`, ndipo pa gdb pali `./debugglibc.sh`. Musangoloza LD_LIBRARY_PATH ku foda yomangira. Loader yakale idzatenga `libc.so.6` yatsopano, koma ziwirizi zimalankhulana kudzera m'ma symbol a `GLIBC_PRIVATE` amene amasintha mtundu ndi mtundu, ndipo mudzalandira `symbol lookup error` imene ilibe chochita ndi ma flag anu. Poika, yambani ndi `make install DESTDIR=/tmp/glibc-yatsopano`, muiyese mu chroot kapena mu makina a QEMU a purosesa yotsikitsitsa imene mukufuna. Pa Debian ndi Ubuntu musaike source ya upstream pamwamba pa makina oyenda, chifukwa iwo amasunga libc mu `x86_64-linux-gnu` pomwe upstream imaika mu `lib64`, ndipo mudzakhala ndi ma libc awiri osagwirizana. Sinthani ma flag mu package ya distro yomweyo n'kumanga package.

Musanaike pa makina enieni, ikani busybox ya static ndipo siyani shell ya root yotsegula. Libc ikasweka, `cp`, `mv`, `ls` ndi `sudo` zonse zimafa, koma shell yoyenda kale imakhalabe moyo, ndipo `busybox cp` siidalira libc ya makinawo. Musazimitse makina musanayese kutsegula shell yatsopano.

Ngati mwazimitsa kale, yatsani ndi USB, muike partition pa `/mnt`. `chroot /mnt` siithandiza, popeza shell ya m'katimo imafuna libc yoswekayo, ndipo `dpkg --root` imagwanso chifukwa imayendetsa ma script ake mu chroot. Tengani package ya `libc6` ya mtundu womwewo, muifutukule pambali ndi `dpkg-deb -x libc6_*.deb /tmp/libc`, kenako mukopere mafayilo a m'foda ya `x86_64-linux-gnu` kupita ku foda ya dzina lomwelo pansi pa `/mnt/usr/lib`. Musafutukulire molunjika pa `/mnt`: pa makina amene `/lib` ndi symlink yopita ku `/usr/lib`, tar ikhoza kuchotsa symlink ija n'kuika foda yeniyeni, ndipo ma laibulale ena onse adzasowa. Bwezerani loader ndi `libc.so.6` pamodzi, osati chimodzi chokha, onani kuti symlink ya `/mnt/lib64/ld-linux-x86-64.so.2` ikulozera pa fayilo yoyenera, kenako yesani `chroot /mnt /bin/true`. Ikabwerera popanda uthenga, lowani mu chroot, muike package ija kudzera mwa package manager kuti mndandanda wake ugwirizane ndi zimene zili pa disk, n'kumaliza ndi `ldconfig`.